Mmene akatswiri amajambulira mabatani a ngodya zozungulira pa lamya za m'manja

Anthu a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, amene asiya lamya zakale za mabatani n'kugula zokhudza ndi chala, akukumana ndi batani la mtundu wina. Batani limeneli lilibe thupi, silimveka pa chala, ndipo mumdima simungalipapase. Ndi chithunzi chabe chojambulidwa pa galasi la lamya. Komabe mlimi amene wagulitsa nshawa kapena soya, akafuna kutumiza ndalama za sukulu kwa mwana wake ku Chipata, amadalira chithunzi chimenechi kuti chimuuze pamene ayenera kukhudza.

Mukayang'anitsitsa pulogalamu iliyonse ya pa lamya, kaya ndi ya MTN ya mtundu wa chikasu, ya Airtel yofiira, ya Zamtel yobiriwira, WhatsApp kapena Facebook, mudzaona kuti mabatani ndi timabokosi tolembamo nambala tili ndi ngodya zozungulira, ndipo tambiri tili ndi kamzere kozungulira m'mphepete ngati mkombero wa lichero. Ngodya zimenezi sizibwera zokha. Pali munthu amene anakhala pansi nalemba malangizo ouza lamya kukula kwa ngodya, kunenepa kwa mkombero ndi mtundu wake. Malangizo amenewa ndi amene akatswiri amawatcha code.

Chinthu choyamba chofunika kudziwa n'chakuti galasi la lamya silidziwa kujambula chozungulira. Galasilo ndi gulu la timadontho tating'onoting'ono ta ngodya zinayi, totchedwa mapixel, toyalidwa m'mizere ngati njerwa pa khoma. Kujambula mzere wowongoka n'kosavuta chifukwa mungoyatsa timadontho totsatana. Koma mmisiri aliyense amene anamangapo chitsime kapena nkhokwe yozungulira ndi njerwa adziwa kuti njerwa siipindika. Chozungulira chomangidwa ndi njerwa chimatuluka ndi mano m'mphepete. Mmisiri amabisa manowo ndi pulasitala. Lamya nayo ili ndi pulasitala wake: timadontho ta m'mphepete mwenimweni mwa ngodya timayatsidwa mosakaniza mtundu wa batani ndi mtundu wa kumbuyo kwake, kena kwambiri, kena pang'ono, malinga ndi gawo la kadontho limene lagwera mkati mwa batani. Diso likaona patali limanyengeka, n'kuona ngodya yosalala. Njira imeneyi imatchedwa anti-aliasing, ndipo wolemba malangizo akaiwala kuitsegula, ngodya zimaoneka ngati zadyedwa ndi chiswe.

Nanga ngodyayo imayezedwa bwanji? Apa luso la makolo athu litithandiza. Pomanga nyumba yozungulira, anthu ankakhoma chikhomo pakati, n'kumangapo chingwe, n'kuzungulira ndi kamtengo kolemba pansi. Utali wa chingwecho ndi umene unkanena kukula kwa nyumba. Pa batani la pa lamya, ngodya iliyonse mwa zinayi ili ndi chikhomo chake chosaoneka, chokhomedwa mkati pang'ono, ndipo lamya imazungulira gawo limodzi mwa magawo anayi a chozungulira. Utali wa chingwecho akatswiri amautcha radius. Chingwe chikakhala chachifupi, ngodya imangosalala pang'ono. Chikafika theka la kutalika kwa mbali yaifupi ya batani, mbali ziwirizo zimazunguliratu ndipo batani limaoneka ngati kapisozi wa mankhwala. Kupitirira pamenepo palibenso chowonjezera.

Pa lamya za Android, zimene ndi zomwe zimapezeka kwambiri m'masitolo a m'mphepete mwa msewu wa Great East, monga za Itel, Tecno ndi Samsung, njira yakale ndi kulemba kafayilo kakang'ono kokhala ndi mawu ochepa a Chingerezi. Mawu akuti shape amanena maonekedwe, solid amanena mtundu wa mkati, corners amanena kukula kwa ngodya, ndipo stroke amanena kunenepa ndi mtundu wa mkombero. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ndi yokwanira. Njira zatsopano zafupikitsanso zimenezi. Flutter ya kampani ya Google, imene inatuluka mokwanira mu December 2018, ili ndi BorderRadius. SwiftUI ya kampani ya Apple, ya chaka cha 2019, ili ndi RoundedRectangle. Jetpack Compose, imene inakhazikika mu July 2021, ili ndi RoundedCornerShape. Maina ndi osiyana koma zonse zimafunsa funso lomwe lija la utali wa chingwe.

Munthu angafunse chifukwa chake akatswiri sangojambula batani lokongola kamodzi, n'kulisunga ngati chithunzi, n'kumaliika paliponse. Kale ankachitadi zimenezo. Pa intaneti, lamulo lotchedwa border-radius lisanafalikire cha m'ma 2010, opanga masamba ankadula tizithunzi tinayi ta ngodya n'kutimata m'makona a bokosi, ntchito yotopetsa kwambiri. Android, imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2008, inabwera ndi njira yotchedwa nine-patch, yogawa chithunzi m'zigawo zisanu ndi zinayi kuti zapakati zizitambasuka pamene ngodya zinayi zikhala mmene zilili.

Vuto la chithunzi n'lakuti chikatambasulidwa chimapotoka, ndipo nkhani imeneyi itikhudza ife olankhula Chinyanja kuposa mmene ambiri amaganizira. Mawu athu ndi aatali. Pamene Chingerezi chilemba zilembo zinayi pa batani lotumizira ndalama, ife tilemba kuti "Tumizani", zilembo zisanu ndi zitatu. Pamene iwo alemba zilembo zitatu pa batani lolipirira, ife tilemba kuti "Lipirani". Batani lojambulidwa ngati chithunzi, loyezedwa pa mawu a Chingerezi, likaikidwa mawu a Chinyanja limadula mawuwo pakati, kapena limakokedwa mpaka ngodya zake kuoneka ngati dzira. Batani lojambulidwa ndi malangizo limatalika mogwirizana ndi mawu, ngodya zake osasintha. Aliyense amene afuna kuti pulogalamu ya za ulimi kapena ya za umoyo idzalankhule chinenero cha anthu a kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo ayenera kuyambira pamenepa.

Palinso nkhani ya kulemera. Zithunzi zimanenepetsa pulogalamu, ndipo pulogalamu yonenepa imadya bandulo pokopera, imadzazanso lamya yotsika mtengo imene malo ake osungira zinthu ndi ochepa kale. Kumidzi kumene netiweki imagwira mochita kufunafuna, kusiyana kumeneku kumaoneka. Mizere isanu ya malangizo siilemera kanthu.

Tsopano tifike pa mkombero weniweniwo, pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Lamya ikauzidwa kujambula mzere motsata malire a batani, kawirikawiri imaika cholembera chake pakati penipeni pa malirewo. Theka la kunenepa kwa mzere limagwera mkati, theka lina kunja. Zili ngati anthu awiri oyandikana minda amene agwirizana kusiya kanjira pa malire: aliyense amapereka theka. Ngati mkombero ndi wa mapixel 4, awiri ali mkati ndipo awiri ali kunja. Koma chinthu chilichonse pa galasi chili ndi malo amene chapatsidwa, ndipo chimene chatulukira kunja kwa malowo nthawi zambiri chimadulidwa. Zotsatira zake n'zakuti m'mbali zowongoka mkombero umatsala wa mapixel 2, pamene pa ngodya, pomwe mzere wakhotera mkati ndipo sunadulidwe, umakhalabe wa 4. Batani limaoneka lotupa m'makona ndi lowonda m'mbali. Mankhwala ake ndi kubweza mzere wonse mkati ndi theka la kunenepa kwake musanajambule. Pa SwiftUI pali malamulo awiri ofanana maina: stroke amajambula pakati pa malire, pamene strokeBorder amabwezeratu mzere mkati. Wosadziwa kusiyana kwa awiriwa angathe tsiku lonse akufufuza chimene chalakwika.

Chopunthwitsa chachiwiri chimamveka bwino kwa aliyense amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe. Ngolo ikamakhota, gudumu lakunja limayenda njira yaitali, lamkati yaifupi, koma onse awiri amazungulira malo amodzi. Mkombero nawo uli ndi mphepete ziwiri, yakunja ndi yamkati, ndipo kuti kunenepa kwake kukhale kofanana paliponse, mphepete zonse ziyenera kuzungulira chikhomo chimodzi. Ndiye kuti chingwe cha mkati chiyenera kufupika ndi muyeso wa kunenepa kwa mkombero. Ngati ngodya yakunja ndi ya 16 ndipo mkombero ndi wa 4, ngodya yamkati ikhale ya 12. Wophunzira amene apatsa zonse ziwiri 16, poganiza kuti akufananitsa, amapeza kuti pa ngodya mkombero wanenepa kufika pafupifupi 6. Lamulo lomweli limagwira ntchito poika chithunzi mkati mwa bokosi lozungulira ngodya, monga chithunzi cha thumba la feteleza pa pulogalamu yogulitsa zipangizo za ulimi. Ndipo mkombero ukanenepa kuposa chingwe chakunja, ngodya yamkati imangokhala yosongoka, popeza palibenso chingwe chotsala.

Chachitatu ndi mtundu wotayikira. Batani likakhudzidwa, limasintha mtundu kwa kanthawi kuti wokhudza adziwe kuti lamva. Kwa lamya, malo a batani amakhalabe a ngodya zinayi zosongoka ngakhale chojambulidwa chili chozungulira. Wolemba malangizo akapanda kuuza lamya kuti idule motsata ngodya, mtunduwo umatulukira m'makona ngati phala losefukira mu mphika. Android inawonjezera lamulo lothandiza pa zimenezi, lotchedwa clipToOutline, pa mtundu wake wa 5.0 m'chaka cha 2014.

Manambala onse amene tatchulawa ali ndi msampha wina. Lamya sizifanana kuchuluka kwa timadontho. Ina ili ndi timadontho 160 pa inchi imodzi, ina 320, ina 480. Mkombero wa kadontho kamodzi umaoneka bwino pa lamya yoyambayo, koma pa yachitatu umawonda ngati ulusi wa kangaude. N'chifukwa chake Android ili ndi muyeso wake wotchedwa dp. Muyeso umodzi wa dp ndi kadontho kamodzi pa galasi la 160, tiwiri pa la 320, ndi titatu pa la 480, kotero kuti batani limakhala la msinkhu wofanana pa chala cha munthu kaya lamya ndi yodula kapena yotchipa. Malangizo a Google akuti malo okhudza asachepere 48 dp mbali zonse, pamene a Apple akuti asachepere 44 pa muyeso wawo. Uku ndi pafupifupi kukula kwa nsonga ya chala. M'kuona kwathu, manambala amenewa ndi poyambira chabe. Chala cha munthu amene wagwira khasu kuyambira mvula yoyamba mpaka kukolola n'chokhuthala ndi cholimba khungu, ndipo mabatani awiri oyandikana kwambiri, lina lovomera lina lokana, ndi ngozi pa ndalama zake.

Mbiri ya ngodya zimenezi pa makompyuta imayambira ku California, m'dziko la America, m'chaka cha 1981. Katswiri wina wa kampani ya Apple, Bill Atkinson, anapeza njira yachangu yojambulira zozungulira pa makina amene sankatha kuwerengera masamu ovuta mofulumira. Anagwiritsa ntchito mfundo imene mwana wa sukulu angaiyese pa mchenga: kuphatikiza manambala osagawika pawiri motsatana kumapereka nambala yochulukitsidwa ndi iyo yokha. 1 kuphatikiza 3 ndi 4, kuwonjezera 5 ndi 9, kuwonjezera 7 ndi 16. Malinga ndi zimene analemba mnzake wa pa ntchito Andy Hertzfeld, mkulu wa kampaniyo Steve Jobs ataona zimenezi anafuna kuti makinawo azijambulanso mabokosi a ngodya zozungulira. Atkinson anakana poganiza kuti n'zosafunika. Jobs anamutulutsa panja n'kuyenda naye mumsewu, akumuonetsa zinthu za maonekedwe amenewo, mpaka pa chikwangwani choletsa kuimika galimoto. Mawa lake Atkinson anabwera atalemba malangizowo, ndipo kompyuta ya Macintosh itatuluka m'chaka cha 1984, mabatani ake anali a ngodya zozungulira. Atkinson anamwalira mu June 2025.

Patapita zaka 30, ngodya zomwezo zinafika kukhoti. M'chaka cha 2011 Apple inasumira Samsung kuti yabera maonekedwe a lamya ya iPhone, ndipo mwa zina zodandaulidwa munali nkhope ya lamya ya ngodya zozungulira. Mu August 2012 khoti la ku California linagamula kuti Samsung ilipire ndalama zoposa madola biliyoni imodzi. Mlandu unapitirira, ndalamazo zinasinthidwa kangapo, unafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo m'chaka cha 2016, ndipo makampani awiriwa anagwirizana kuutseka mu June 2018.

Si mabatani onse amene amakhutira ndi ngodya zinayi zofanana. Kabokosi ka uthenga pa mapulogalamu ochezerana kamakhala ndi kamchira kosonyeza wolankhula. Tsamba lotuluka kuchokera pansi pa galasi limazungulira ngodya ziwiri zapamwamba zokha. Pa zotere wolemba malangizo amajambula yekha njira ya cholembera, sitepe ndi sitepe: yambira apa, pita molunjika mpaka apo, khota, pitanso molunjika, bwerera poyambira n'kutseka. Kuiwala kutseka kumasiya kampata pa mkombero. Pokhota, ambiri amagwiritsa ntchito mizere yotchedwa Bézier, dzina la injiniya wa ku France Pierre Bézier, amene ankaigwiritsa ntchito m'ma 1960 popanga maonekedwe a magalimoto a Renault. Mnzake Paul de Casteljau wa kampani ya Citroën anali atatulukira masamu omwewo m'chaka cha 1959. Mzere wotere uli ndi poyambira, pothera, ndi mfundo ziwiri zosaoneka zimene zimaukoka monga mmene woluka dengu amapindira nsungwi ndi zala. Kuti upindike ngati gawo la chozungulira, mfundo zokokazo zimaikidwa pa mtunda wa pafupifupi 0.552 wa utali wa chingwe. Sichikhala chozungulira chenicheni, koma kusiyana kwake diso silingakuone.

Apple inapitirira pamenepo m'chaka cha 2013 pamene inasintha maonekedwe a tizithunzi ta mapulogalamu pa iOS 7. Ngodya wamba imachoka pa mzere wowongoka n'kulowa m'chozungulira mwadzidzidzi. Yatsopanoyo imayamba kupindika pang'onopang'ono, ngati kona ya msewu womangidwa bwino imene dalaivala wa basi amailowa osagwedeza apaulendo. Kunena zoona, pa lamya yotsika mtengo, ndiponso yokhala ndi galasi long'aluka, kusiyana kumeneku n'kwa akatswiri okhaokha.

Chimene chili ndi phindu lalikulu kwa anthu a kuno ndi mtundu wa mkombero. Opanga mapulogalamu ambiri amagwira ntchito m'maofesi a mthunzi, pa magalasi owala bwino, ndipo amakonda mkombero wotuwa pang'ono pa tsamba loyera chifukwa umaoneka waulemu. Lamya yomweyo ikafika pa msika wa Katete masana a mwezi wa October, kapena pa bwalo la Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August, dzuwa limameza mkombero wotero. Kabokosi kolembamo nambala ya wolandira ndi kolembamo kuchuluka kwa ndalama timasanduka tsamba limodzi loyera. Onjezerani kuti ambiri amachepetsa kuwala kwa galasi pofuna kusunga batire, chifukwa kutchaja ndi kolipira kapena n'kodalira sola, ndiponso kuti maso a achikulire safanana ndi a achinyamata. Malamulo a padziko lonse othandiza kuti masamba ndi mapulogalamu azigwiritsidwa ntchito ndi anthu onse, otchedwa WCAG, pa mtundu wake wa 2.1 wa chaka cha 2018, anaika muyeso woti zizindikiro zosonyeza batani kapena kabokosi zisiyane ndi zozizungulira pa mlingo wa 3 kwa 1 m'kuwala kwake. Malamulo omwewo amaletsa kudalira mtundu wokha pouza munthu kanthu. Kabokosi kakafiira mkombero posonyeza kuti nambala yalakwika, payeneranso kukhala mawu onena zimenezo, popeza pali anthu amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira.

Achinyamata a m'maboma atatuwa amene ali ndi chidwi ndi ntchito imeneyi sayenera kuiona ngati ya kutali. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'chaka cha 2012, ndipo pofika nthawi imeneyo ku Lusaka kunali kutatsegulidwa kale malo ophunzirira ndi kuthandizana za luso la makompyuta otchedwa BongoHive, amene anayamba m'chaka cha 2011. Zida zolembera mapulogalamu, monga Android Studio ndi Flutter, zimapezeka kwaulere, ngakhale kuti zimafuna kompyuta yamphamvu ndithu ndi bandulo yochuluka pozikopera. Kujambula batani ndi mkombero wake ndi chimodzi mwa zoyamba zimene wophunzira amachita. Amene wakulira ku Vubwi ali ndi mwayi umodzi umene wa mumzinda alibe: angathe kutenga pulogalamu yake, kuiika pa lamya ya azakhali ake, kutuluka nayo pa dzuwa, n'kuona ngati iwo apeza pokhudza popanda kuuzidwa.

Kusavuta kwa ntchitoyi kuli ndi mbali ina yofunika kuti omvera athu aidziwe. Popeza mtundu, ngodya ndi mkombero ndi manambala ochepa chabe, munthu wa zolinga zoipa angathe kutengera maonekedwe a pulogalamu ya banki kapena ya ndalama za pa lamya mosavuta, n'kupanga tsamba labodza kapena chithunzi chosonyeza ngati ndalama zatumizidwa. Maonekedwe osalala si umboni wakuti pulogalamu ndi yeniyeni. Wogulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga asakhutire ndi chithunzi chimene wogula wamuonetsa pa lamya yake. Atsegule lamya ya iye mwini, aone ngati ndalama zawonjezekadi, kenako apereke katundu. Mapulogalamu a ndalama akopedwe kuchokera ku Play Store kapena App Store, osati pa ulalo wobwera mu uthenga, ndipo nambala yachinsinsi isalembedwe pa tsamba limene munthu wafikapo chifukwa chotumiziridwa ndi munthu wosamudziwa. Za chinyengo chotere zikanenedwe ku kampani ya netiweki, ku polisi, kapena ku bungwe la ZICTA limene limayang'anira za mauthenga ndi lamya m'dziko la Zambia.